LIWIRO LA MUMCENGA N'KUYAMBIRA LIMODZI



Mwezi uno tikambirana nkhani imene ena angaiyese ya cibwana, koma yayamba kale kulowa m'makomo mwathu. M'nyumba zina za m'tauni, patebulo pamene kale pankakhala wailesi, lero pamangiriridwa ciongolero ca galimoto. Pansi pake pali zopondera moto ndi mabuleki, ndipo mnyamata kapena mtsikana wangoti duu, maso ali pa kompyuta, akuyendetsa galimoto imene sitingaikhudze ndi manja. Amene akupikisana naye sali m'cipindamo. Wina ali ku Kitwe, wina ku Johannesburg, wina ku Milan, koma onse akumana pa mseu umodzi kudzera pa intaneti.

Anthu otere akapangana kuti azipikisana mlungu ndi mlungu, namawerengera mapointi mpaka kumapeto kwa nyengo monga acitira a mpira, gulu lawo limachedwa ligi. Tsono funso limene limayamba kugawanitsa ligi isanabadwe n'komwe ndi ili: kodi tigwiritse nchito pulogramu iti? Mapulogramu alipo ambiri, ndipo aliyense amatama yake. Ife tikuti yankho analipereka kale makolo athu ponena kuti liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi. Pulogramu yoyenera ligi ndi imene membala wa thumba lopepuka, wa kompyuta yakale, wokhala kutali kupambana onse, angathe kuima nayo pa mzere woyambira pamodzi ndi anzake.

Kumene mipikisano iyi inacokera

Masewera a galimoto a pa kompyuta alipo a mitundu iwiri. Ena ndi ongosangalatsa cabe: galimoto imaomba cipupa n'kupitirira ngati palibe cacitika. Ena anapangidwa kuti atsanzire galimoto yeniyeni m'zonse, ndiko kuti kulemera kwake, kutentha ndi kutha kwa matayala, kucepa kwa mafuta m'thanki, ngakhalenso kuterera kwa mseu mvula ikagwa. Ndi a mtundu waciwiriwu amene tikunena pano. Kampani ya ku America yochedwa Papyrus inatulutsa Indianapolis 500: The Simulation m'caka ca 1989, ndipo mu 1998 inatulutsa Grand Prix Legends, masewera ovuta otsanzira magalimoto a mpikisano a mu 1967. Anthu anayamba kupangira maligi pa masewera amenewa pamene intaneti inali kuyendabe pa waya wa lamya. Pambuyo pake mmodzi wa oyambitsa Papyrus, David Kaemmer, anagwirizana ndi John Henry, amene kampani yake inadzagula timu ya mpira ya Liverpool mu 2010, ndipo mu 2008 anatsegula iRacing, imene mpaka lero ndi imodzi mwa mapulogramu ochuka koposa.

Dziko lonse linadzaona zimenezi mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseka mabwalo a mpikisano. Madalaivala a Formula One, a NASCAR ndi a mipikisano ina anakhala m'nyumba zawo n'kumapikisana pa kompyuta, anthu akuonerera pa wailesi ya kanema. Ngakhale mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, m'dziko la France, unacitika pa kompyuta m'mwezi wa June caka cimeneco. Apa mpamene zinaoneka kuti galimoto ingakhale ya m'cithunzi, koma mbiri ya munthu woiyendetsa ndi yeniyeni. Mu April 2020 dalaivala wa NASCAR, Kyle Larson, anachula liwu lonyoza anthu akuda pa mpikisano wa iRacing, anthu akumva. Timu yake inamucotsa nchito ndipo NASCAR inamuimitsa. Mu May dalaivala wa Formula E, Daniel Abt, anaika katswiri wa masewerawa kuti amuyendetsere mobisa. Atagwidwa analamulidwa kupereka mayuro 10,000 ku nchito zacifundo, ndipo kampani ya Audi inalekana naye.

Alipo amene masewerawa anawatsegulira khomo. Jann Mardenborough wa ku Britain anapambana mpikisano wa GT Academy, wokonzedwa ndi Nissan ndi Sony, mu 2011, ndipo mu 2013 anali wacitatu m'gulu lake pa mpikisano weniweni wa ku Le Mans. William Byron, amene anaphunzirira pa iRacing ali mnyamata, anapambana Daytona 500 mu 2024 ndi mu 2025. Koma tisanamizane, abale. Oterewa ndi owerengeka pakati pa anthu miyandamiyanda, ndipo mwana wosiya mabuku poyembekezera mwai wotere akusiya nkhwali ya m'manja kuthamangira ya m'thengo. Phindu la ligi kwa ambiri a ife ndi cibwenzi, kudziletsa ndi cisangalalo coyenera. Pa cifukwa ici kusankha pulogramu kuyenera kuyang'ana anthu a m'gululo, ndipo pali mafunso anai ofunika kuwayankha wina asanatulutse ngwee.

Funso loyamba: kodi onse angakwanitse?

Malipiro a mapulogramuwa ali m'njira zitatu. Njira yoyamba ndi ya lendi, ndipo iRacing ndiyo citsanzo cake. Munthu amalipira mwezi ndi mwezi kapena caka ndi caka, napatsidwa magalimoto ndi mabwalo owerengeka oyambira. Ena onse amagula payekhapayekha, galimoto mtengo wake, bwalo mtengo wake. Ligi ikafuna kucititsa mpikisano wakewake imalipiranso kolingana ndi maola. Ndipo cofunika kucidziwa n'cakuti lendi ikatha, zonse zimene munagula simungazigwiritse nchito kufikira mutalipiranso. Zili ngati kugula mipando ndi kama za m'nyumba ya lendi, koma tsiku lotuluka n'kuuzidwa kuti katundu atsale momwemo. Ligi ya mipikisano khumi pa mabwalo khumi osiyana ingafune kuti membala aliyense agule mabwalo angapo, ndipo mitengo yake ndi ya madola, osati makwaca.

Njira yaciwiri ndi ya kugula kamodzi. Assetto Corsa, yopangidwa ndi kampani ya ku Italy ya Kunos Simulazioni mu 2014, ndi m'bale wake Assetto Corsa Competizione wa mu 2019, ndi za mtundu uwu, pamodzi ndi rFactor 2 ya mu 2013 ndi Automobilista 2 ya ku Brazil ya mu 2020. Mukagula ndi yanu, ngakhale kuti magalimoto ndi mabwalo ena oonjezera amagulitsidwa padera. Mwacitsanzo bwalo la Kyalami la ku South Africa, kumene Formula One inathamanga komaliza mu 1993, linalowa mu Assetto Corsa Competizione mu 2020 monga mbali ya mtokoma wogula padera.

Njira yacitatu ndi ya kulawitsa, monga acitira amai ogulitsa nshawa pamsika. RaceRoom imalola munthu kuyamba kwaulere ndi magalimoto ocepa, ena n'kumagula pang'onopang'ono. Live for Speed, imene anthu atatu okha anaiyamba ndi kuitulutsa mu 2002, imapereka kwaulere magalimoto atatu ndi bwalo la Blackwood, ndipo munthu angapikisane ndi anzake pa intaneti osalipira kanthu. Maonekedwe ake ndi akale, koma imayenda pa kompyuta yofooka, siidya bandulo yambiri poikopera, ndipo ingaseweredwe ngakhale popanda ciongolero.

Pamwamba pa mtengo wa pulogramu pali mtengo wa makina. iRacing imafuna kompyuta. Gran Turismo 7 ya mu 2022 imafuna PlayStation, imadya malo oposa magigabaiti 100, ndipo kupikisana ndi ena pa intaneti kumafuna malipiro ena a PlayStation Plus. Kawirikawiri wa pa kompyuta ndi wa pa PlayStation sangakumane pa mseu umodzi, ngakhale dzina la masewera likhale lofanana. Comweco musanakangane za pulogramu, lembani m'kope makina amene membala aliyense ali nawo. Mukapeza kuti khumi ali ndi makompyuta akale ndipo awiri okha ali ndi atsopano, nkhani yatha pomwepo. Awiriwo angatsike kukumana ndi khumi aja, koma khumi sangakwere kuwatsata awiriwo.

Acinyamata ambiri amakopeka ndi zithunzi: kunyezimira kwa utoto wa galimoto, madontho a mvula pa galasi, dzuwa likulowa kuseri kwa mitengo. Zonsezi n'zokongola ndithu, koma zimafuna kompyuta yamphamvu, ndipo pa kompyuta yofooka zimacititsa cithunzi kudukiza pa nthawi imene magalimoto makumi awiri athithikana pa kona. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Funso laciwiri: kodi seva ili kuti?

Apa tikhalitsepo pang'ono, pakuti ndi pamene maligi ambiri a kutali ndi Ulaya amapunthwa. Pa mpikisano wa pa intaneti pamakhala kompyuta ya pakati yochedwa seva. Kompyuta ya wosewera aliyense imauza seva kambirimbiri pa sekondi imodzi kuti galimoto yanga ili pakuti, ikuthamanga motere, ikulowera uku. Seva nayo imagawira ena onse uthengawo. Nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerako amaicha ping, ndipo imawerengedwa m'mamilisekondi, ndiko kuti sekondi imodzi yogawidwa m'tizigawo 1,000.

Uthengawu umayenda ngati kuwala m'nthambo za galasi, pa liwiro la makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Kucokera ku Lusaka kufika ku London pali makilomita pafupifupi 7,900 mutadula njira yoongoka, kotero kupita ndi kubwera sikungacepere mamilisekondi pafupifupi 80, ngakhale mutalipira ndalama zotani. Koma dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamcere. Nthambo zimayamba zadutsa m'maiko oyandikana nafe kuti zikalumikizane ndi za pansi pa nyanja, ndipo uthenga umaima pa makina ambiri m'njira. N'cifukwa cake ping ya ku Ulaya kawirikawiri imapitirira 150, nthawi zina n'kufika pa 200.

Wina angati, gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi n'ciani? Tiyeni tiwerengere. Galimoto yothamanga makilomita 200 pa ola imayenda mamita oposa 55 pa sekondi. Pa mamilisekondi 200 yayenda mamita 11, ndiwo utali woposa magalimoto awiri oimikidwa mondondozana. Tsono taganizirani anyamata awiri okhala m'komboni imodzi ku Chipata, koma akupikisana pa seva ya ku Germany. Uthenga wa wina uyenera kupita ku Ulaya ndi kubwerako usanafike kwa mnzake wa kuseri kwa mpanda. Galimoto imene aliyense akuona pambali pake ndi nkhani yakale. Pofuna kubisa mpata umenewu pulogramu imalosera kuti mnzanuyo ayenera kuti wafika apa tsopano. Pa mseu woongoka imalosera bwino. Koma pa kona, pamene mnzanuyo waponda mabuleki mwadzidzidzi, pulogramu imamuika pamene sali, ndipo magalimoto awiri amene sanakhudzane amaoneka kuti agundana. Wina amapota n'kugwera kunja kwa mseu, ndipo mkangano umabuka pakati pa anthu awiri amene onse akunena zoona.

Mankhwala ake ndi kusendeza seva pafupi. Kucokera ku Lusaka kufika ku Johannesburg pali makilomita pafupifupi 1,200 cabe, ndipo kumeneko kuli makampani obwereketsa makompyuta oterewa. Apa mpamene mapulogramu amasiyana kwambiri. Assetto Corsa, Assetto Corsa Competizione, rFactor 2 ndi Automobilista 2 zimalola ligi kuimika seva yakeyake kulikonse kumene yafuna. iRacing imacititsa mipikisano yonse pa maseva a kampani yokha, kotero ligi imangosankha pakati pa malo amene kampaniyo inaika. Kwa ligi ya anthu a kuno kwathu, ufulu woika seva pafupi ndi waukulu kuposa kukongola kulikonse.

Cinanso, intaneti yokhazikika iposa yothamanga. Mpikisano wokha sudya bandulo yambiri. Cimene umadana naco ndi kudukaduka. Nthambo yolumikiza kompyuta mwacindunji ndi yodalirika kuposa Wi-Fi, ndipo ngati wina m'nyumba ayamba kuonera kanema pa intaneti yomweyo mpikisano uli m'kati, galimoto imayamba kudumphadumpha pamaso pa anzanu ngati ciwala.

Ngakhale akuluakulu zimawagwera. Mu January 2023, pa mpikisano wa pa kompyuta wa maola 24 wa Le Mans, wocitikira pa rFactor 2, seva inavuta kotero kuti mpikisano unaimitsidwa kawiri. Max Verstappen, amene pa nthawiyo anali katswiri wa dziko lonse wa Formula One, anali kutsogolo pamene kulumikizana kwake kunaduka. Malamulo anali kulola kubwezera mtunda wotayika pokhapokha magalimoto angapo atadukira limodzi, comweco iye sanabwezeredwe kanthu, ndipo anatuluka mu mpikisano atakwiya kwambiri. Phunziro lake kwa ligi yaing'ono ndi lakuti lamulo lonena za munthu wodukidwa intaneti lilembedwe nyengo isanayambe, mitima ikali yozizira.

Ife kuno tili ndi vuto lina loonjezera. Tonse tikukumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinatsitsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Ligi yofuna kuti anthu makumi awiri akhale ndi magetsi pa ola limodzi, m'matauni osiyana, ingafe pa nyengo yotere. Koma pali njira ina, ndipo si yacilendo kwa ife. Dziko lathu limadziwika ndi rali, mpikisano wa m'miseu ya fumbi umene magalimoto amanyamuka imodzi imodzi, wopambana n'kudziwika ndi koloko. Satwant Singh anatenga ukatswiri wa rali wa Africa kasanu ndi katatu, ndipo mu 2022 Leroy Gomes, mothandizidwa ndi akazi ake Urshlla monga wowerenga mseu, anaubweretsanso kuno. Pa kompyuta rali imayenda cimodzimodzi. Ligi imatsegula cigawo ca mseu kwa mlungu wathunthu, aliyense amayendetsa yekha pa nthawi imene magetsi alipo, ndipo nthawi yake imatumizidwa ku ndandanda ya onse. Ping ilibe mphamvu pamenepa, pakuti palibe galimoto ina pambali panu. EA Sports WRC ya mu 2023 inabwera ndi dongosolo lotere la magulu, pamodzi ndi miseu ya Safari Rally ya ku Kenya, ndipo Richard Burns Rally ya mu 2004 imaseweredwanso motero.

Funso lacitatu: kodi woweruza ndani?

Amene anaonererapo mpikisano wa anthu osadziwana pa intaneti adziwa zimene zimacitika pa kona yoyamba. Aliyense amafuna kupambana pomwepo, wakumbuyo amacedwa kuponda mabuleki, ndipo theka la magalimoto limathera m'cipupa mphindi imodzi isanathe. Pa mseu weniweni munthu amaopa imfa ndi mtengo wa kukonza galimoto. Pa kompyuta mantha amenewa palibe, comweco payenera kukhala cina cogwira mtima wa woyendetsa.

iRacing inamanga mbiri yake pa nkhani imeneyi. Munthu amasewera ndi dzina lake lenileni. Amayambira m'gulu la ophunzira ndi magalimoto osathamanga kwambiri, n'kumakwera m'magulu a D, C, B ndi A kolingana ndi kusamala kwake. Kutuluka kunja kwa mseu kumalembedwa cilango cimodzi, kupota kapena kuomba cipupa ziwiri, kugunda mnzako mwamphamvu zinai. Cilango ca kugundana cimagwera onse awiri, wolakwa ndi wolakwiridwa yemwe. Ambiri amadandaula kuti si cilungamo, koma colinga cake n'cakuti munthu aphunzire kupewa ngozi ngakhale iye ali wokhoza. Palinso muyeso wina wa luso, woti anthu ofanana mphamvu azikumana okhaokha, ndi njira yokadandaula ku kampani ngati wina wakugundani mwadala. Gran Turismo 7 nayo ili ndi miyeso iwiri yofanana ndi imeneyi, wa luso ndi wa khalidwe. Kwa Assetto Corsa Competizione, mabungwe oima paokha monga Low Fuel Motorsport ndiwo amakonza mipikisano ya dongosolo lotere.

Zimenezi n'zothandiza kwa munthu amene ali yekha ndipo akufuna mpikisano waulemu pa ola lililonse. Koma ligi ya anthu odziwana ili ndi cuma cimene makina alibe. Makina amawerenga kuti magalimoto agundana. Sadziwa amene anatsekereza mnzake, kapena amene anabwerera pa mseu osayang'ana. Mapulogramu onse tawachulawa amasunga kanema wa mpikisano, amene angaonedwe kucokera m'galimoto ya munthu aliyense. Tsono sankhani anthu atatu okhwima maganizo akhale oweruza, ndipo woweruza asakhale pa mlandu wokhudza iye mwini. Madandaulo aperekedwe m'mawa mwake, mkwiyo utatsika. Malamulo akhale ocepa, okwana pa tsamba limodzi: wopitirira mnzake ndiye ali ndi udindo wopitirira bwino, wotuluka mu mseu adikire mpata asanabwerere, wogwetsa mnzake aime, amudikire, ambwezere malo ake, wotukwana akhale panja mpikisano wotsatira. Ligi ya malamulo otere pa pulogramu yochipa imakhalitsa kuposa ligi yopanda oweruza pa pulogramu yodula.

Kuyambira limodzi kumakhudzanso galimoto. Mapulogramuwa amalola munthu kusintha mpweya wa m'matayala, kulimba kwa masipuling'i, magiya ndi zina zambiri, ndipo amene ali ndi nthawi yocuruka kapena ndalama zogulira makonzedwe a akatswiri amapambana asanalize n'komwe injini. Ligi yatsopano isankhe galimoto imodzi yosathamanga kwambiri, monga Mazda MX-5 imene ili mu iRacing ndi mu Assetto Corsa momwe, ndipo makonzedwe ake akhale amodzi kwa onse. Pamenepo cosiyanitsa anthu cimatsala manja, maso ndi kudekha.

Funso lacinai: kodi idzakhalapo mawa?

Masewera a pa intaneti amafa. Pa 31 January 2024 maseva a Gran Turismo Sport anatsekedwa, ndipo mipikisano yake ya pa intaneti inathera pomwepo. Kumapeto kwa March caka comweco kampani ya Ubisoft inatseka maseva a The Crew, ndipo anthu amene anagula masewerawo ndi ndalama zawo sanathenso kuwatsegula ngakhale kusewera okha. Mu 2022 Project CARS ndi Project CARS 2 anacotsedwa pa msika cifukwa mapangano ogwiritsira nchito maina a magalimoto ndi mabwalo anatha, kotero ligi yosewera pamenepo sinathenso kulandira membala watsopano mosavuta. Nayo EA Sports WRC taichula ija, mu 2025 eni ake analengeza kuti aleka kuikonzera zatsopano.

Yerekezani ndi Richard Burns Rally. Mwini dzinalo, katswiri wa rali wa dziko lonse wa mu 2001, anamwalira mu 2005, koma masewerawo akali moyo patapita zaka zoposa makumi awiri, cifukwa okonda masewerawo anawatenga m'manja mwawo, namaonjezera magalimoto ndi miseu. Assetto Corsa ya mu 2014 nayo yakhalitsa kaamba ka zoonjezera zopangidwa ndi osewera. Lamulo lake likuoneka poyera: pulogramu imene moyo wake wonse uli m'manja mwa kampani imatha tsiku limene kampani yatembenuka, pamene yolola anthu kudziimikira seva imakhala malinga anthuwo alipo. Cenjezo ndi lakuti zoonjezera zikhale zofanana ndendende kwa mamembala onse, apo ayi seva imakana kuwalowetsa, ndipo zitengedwe ku malo odalirika, pakuti za m'makwalala zimabwera ndi tizirombo toononga kompyuta.

Tsono tisankhe iti?

Maganizo athu ndi awa. Gulu longoyamba kumene, la makompyuta wamba, liyambe ndi Live for Speed yaulere ija kwa mwezi umodzi, lione ngati anthu akubweradi pa nthawi yopangana. Likakhazikika lisonkhe ndalama, ligule Assetto Corsa pa nthawi imene mitengo yatsitsidwa, ndi kubwereka seva ya ku Johannesburg. Gulu la kumene magetsi ndi intaneti n'zosadalirika litenge rali ya pa koloko. Ngati onse ali kale ndi PlayStation, Gran Turismo 7 ndiyo njira yacidule. iRacing ndi ya munthu wa malipiro okhazikika, wofuna kudziyesa ndi akatswiri a maiko ena, ndipo asaumirize anzake kumutsata. Ciongolero nacinso cisagulidwe mothamanga. Ca mtundu wamba, monga Logitech G29, n'cokwana kwa zaka zambiri, ndipo anthu awiri kapena atatu angathe kubwerekana. Safunsa anadya phula: funsani amene anayamba kale, yesani zaulere, kenaka gulani.

Mau kwa makolo

Musathamangire kuletsa, ndiponso musangotaya manja. Masewera awa alibe mfuti kapena magazi, ndipo amaphunzitsa mwana kuti wothamangira kupambana pa kona yoyamba safika kumapeto. Koma pali zinthu zoyenera maso anu. Maligi ambiri amakambirana pa Discord kapena pa WhatsApp, kumene mwana angalankhule ndi akulu osawadziwa. Kompyuta ikhale pabalaza, osati kucipinda cotseka. Khadi la kubanki lisasiyidwe lolembedwa m'makina, pakuti kugula galimoto ina kumangofuna kudina kamodzi. Maligi a ku Ulaya ndi ku America ali ndi maola awo, ndipo a ku America amagwa pakati pa usiku kwa ife. Mwana wa sukulu asalowe ligi yomugoneka mbandakuca. Nthawi ya ligi ya kwanu ipanganidwe mosalanda ya homuweki, ya nchito za pakhomo ndi ya Misa ya tsiku la Mulungu. Ndipo amene afika pa msinkhu wotenga laisensi auzidwe mosabisa kuti mseu wa Great East ulibe batani loyambiranso.

Coposa zonse, khalani naye pansi tsiku lina muonerere mpikisano umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mudzaona mmene amacitira akagundidwa, ngati amapepesa akalakwa, ndiponso ngati amamaliza mpikisano ngakhale ali womaliza. Mwina acinyamatawo adzakupemphani kuti mukhale mmodzi wa oweruza atatu aja. Akatero musakane, pakuti nchitoyo sifuna kudziwa kuyendetsa. Ifuna munthu wodziwa kumva mbali zonse ziwiri asanagamule, ndipo luso limenelo inu munalitenga kale pabwalo la milandu la kumudzi.